Njinga ikulira kwambiri koma pa Chowe ikukana: tiboole buloko kapena tiibweze mwakale?

Yusufu, M'baluku: Salaam aleikum akuluakulu, ndi amakaniko anzanga nonse. Ndili ndi njinga pano yandizunguza mutu. Ndi njinga yamoto ya Lifo ya ma cc 150, injini ija ya mapushirodi, amayendetsa mnyamata wa kabaza amene amanyamula amayi a nsomba kuchoka kuno ku Mangochi kupita ku Namwera, nthawi zina mpaka ku Chiponde. Njingayo si yake, madzulo aliwonse amakapereka ndalama kwa eni ake. Ataona kuti pokwera phiri la Chowe ikumafooka, anapita kwa wowotcherera wina amene anang'amba ekizozi, n'kuchotsa zam'kati zonse, n'kuiwotchereranso. Siponji ya mu eya kilina anaichotsanso, akuti injini izipuma bwino. Pano akaiponda pa mlatho wa Bakili Muluzi timamumvera kuno ku galaja, koma mphamvu ndiye zatheratu. Ikatentha ikumazima yokha, m'mawa kuti ilire mpaka aikankhe, ndipo akasiya mafuta potsetsereka ikumaphulika phwaphwaphwa. Mnyamatayo wabwera kuti ndimuboolere buloko, bowo limene pisitoni imayendamo likule, ndi kuikamo pisitoni yaikulu, ndalama zili m'manja. Ine mtima ukukana. Ndithandizeni nzeru.

Che Mbwana, Mpondasi: Waleikum salaam mwana wanga. Mutu musaumasule kaye. Chotsani pulagi mutiuze mmene ikuonekera, muonenso paipi ya ekizozi pamene yatulukira pa mutu.

Yusufu: Pulagi ndi D8TC, kunsonga kwayera mbuu, ndipo kachitsulo kopindika kaja kadyeka. Paipi yasanduka ya buluu kuyambira pa mutu mpaka popindikira. Ndapisanso chala mu labala yolumikiza kabuleta ndi bokosi la eya kilina, chatuluka ndi mchenga.

Che Mbwana: Basi, injini imeneyo ikupsa ndi ludzu. Amene anapanga njingayi anasankha jeti, kabowo kodutsira petulo mu kabuleta, molingana ndi mpweya umene umadutsa pa siponji ija ndiponso ekizozi imene anaikapo. Mukachotsa ziwirizo, mpweya umalowa wochuluka koma petulo ndi yemwe uja, moto wake umakhala wouma ndi wotentha kwambiri. Kuphulika potsetserekako ndi chizindikiro chake. Onjezanipo kuti petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amafuna kuti alowe wambiri pang'ono kuposa petulo weniweni kuti moto ukhale wabwino. Ndiye jeti yomwe ija inali kale pa malire.

Tsono taganizani kumene njingayi imagwira ntchito. Injini izi zilibe madzi, zimazizira ndi mphepo yokha. Pa Chowe njinga imakwera pang'onopang'ono, mphepo yoomba pa buloko ndi yochepa, kumbuyo kuli mayi ndi dengu la usipa, ndipo mwezi wa October kuno kutentha kumadutsa madigiri 35. Choyamba kupsa ndi valavu ya ku ekizozi. Ikamapsa imamira m'mpando wake, mpata wa tapeti (kampata ka pakati pa valavu ndi rokala imene imaikankha) umatha, valavu siitsekanso bwino, kompuresheni imathawa. N'chifukwa chake m'mawa ikuvuta kulira. Ine maganizo anga ndi akuti njingayi inali kale ndi matapeti othina asanaidule, ndipo kufooka koyamba kuja kunachokera pamenepo. Sipanala ya 10 ndi fila geji yoyezera mpatawo zikanathetsa nkhaniyi.

Gift, Monkey Bay: Madala, zonse mwanenazo ndi zoona, koma tisalankhule ngati kusintha njinga ndi tchimo. Ine ndasinthapo zingapo za anyamata a ku Cape Maclear ndipo zikuyenda. Chofunika ndi kusintha zonse pamodzi. Ukatsegula ekizozi, ukulitse meni jeti, ukweze singano ya kabuleta, uyendetse, uone pulagi, ubwerezenso mpaka ifiire. Buloko ya 125 imene bowo lake ndi mamilimita 56.5 timaichotsa n'kuika ya 150 ya mamilimita 62, ndipo mwini wake amamva kusintha tsiku lomwelo. Vuto la njinga iyi ndi loti anaipatsa wowotcherera mageti ntchito ya makaniko. Komanso achimwene a Yusufu mukakana, mnyamatayo apita kwina, akaiononga kenako abwerere kwa inu nomwe ndi injini m'thumba la feteleza.

Asiyatu, wa masipeya, pa boma: Achimwene a Gift, kuchoka pa 125 kufika pa 150 n'zomveka, pamenepo mwaonjezera ma cc 25. Koma iyi ndi ya 150 kale. Mapisitoni okulirapo, a ovasaizi, amene timagulitsa amakwera ndi mamilimita 0.25, 0.50, 0.75 mpaka 1.00. Ngakhale mutaboola mpaka kumapeto, kuchoka pa 62 kufika pa 63, injini ya ma cc 149 ifika pa 154 basi. Ma cc 5 amenewo pa phiri simungawamve. Mapisitoni amenewa anawapangira kukonza buloko yodyeka, kuti ikadyeka koyamba muike 0.25, ikadyekanso 0.50, izipita choncho. Mukalumphira pa 1.00 lero, mwadya moyo wonse wa buloko kamodzi, ikadzadyeka ndiye kugula ina. Ine kugulitsa ndimafuna, koma pisitoni imeneyo sindingamugulitse mnyamatayo ndili ndi mtendere.

Gift: Pa masamu amenewo sinditsutsa achemwali. Ine ndimanena zoti tisamaope kusintha.

Che Saidi, wa pa siteji ya kabaza: Ndiloleni ndiyankhulire anyamata anga, poti ine si makaniko koma ndimakhala nawo tsiku lonse. Phokoso salifuna chifukwa cha chibwana chokha. Msewu wa ku Monkey Bay ukadutsa pa Makawa tsiku la msika mwadzaza anthu, njinga zakapalasa, mbuzi ndi ana, ndiye ena amati njinga yolira anthu amaimvera patali n'kupatuka. Ena amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ikalira kwambiri ndiye kuti yaonjezera mphamvu, chifukwa m'makutu ndi m'matako zimamveka choncho. Koma zimene ndimaona pa siteji ndi zina. Amayi apakati opita kuchipatala, azigogo, ashehe, aphunzitsi, amadutsa njinga yosokosa n'kukakwera yachete. Amene amalawirira m'bandakucha kukatenga nsomba kunyanja amadana ndi mudzi wonse. Apolisi apamsewu nawonso njinga yosokosa ndi imene amayamba kuimika, ndiye ngati mapepala ako sali bwino wadziitanira wekha.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Kodi eni njingayo akudziwa? Pa siteji pathu milandu yambiri imene timakamba ndi yotere: mnyamata wasintha njinga ya eni osawauza, injini yafa, eni ake akufuna njinga yawo mmene anaiperekera, mnyamata alibe kalikonse. Che Yusufu, musaboole chinthu cha munthu amene simunalankhule naye. Mlandu udzakupezani inu.

Yusufu: Che Saidi mwandikumbutsa chinthu chachikulu. Ndamufunsa, akuti eni ake sakudziwa, ndi mayi wina amene anagula njingayi ndi ngongole ya kubanki m'khonde. Ndamuuza kuti tiwaimbire limodzi. Poyamba amakana, kenako walola. Mayiwo anena kuti ndiitsegule ndione, koma akufuna njinga yawo ibwerere mmene inalili.

Bwanali, Namwera: Ine ndimakhala pamwamba pa phiri lomwelo, njinga zimenezi zimandipeza zitatopa, oyilo akununkha kupsa. Ndikuuzeni chimene mnyamatayo akufuna. Sakufuna liwiro, akufuna kukoka. Zimenezo sitizifuna mu injini, timazifuna pa tcheni. Werengani mano a masipuloketi. Zambiri zimabwera ndi 15 kutsogolo, ndipo anyamata ena amachita kuika yaing'ono kumbuyo kuti azithamanga pa msewu wa ku Liwonde. Tinene kuti kumbuyo kuli 38. Ndi 15 kutsogolo, sipuloketi yakutsogolo imazungulira ka 2.5 kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukaika 14, imazungulira ka 2.7. Mphamvu yokoka pa tayala yakwera ndi 7 peresenti, kuposa zimene mungapeze poboola buloko mpaka kumapeto, ndipo injini simunaikhudze. N'chimodzimodzi munthu wa njinga yakapalasa akafika pa chitunda, sasintha miyendo, amasintha giya.

Choipa chake chilipo, ndisabise. Pa msewu wosalala injini izizungulira mofulumirirapo pa liwiro lomwe lija, liwiro lakumapeto litsika pang'ono, ndipo akamayenda wopanda katundu petulo azidya mochulukirapo. Koma kwa munthu amene ntchito yake ndi makilomita pafupifupi 40 ochokera ku Mangochi kufika kuno, theka lake zitunda ndi makhotolo, zimamukomera. Giya iliyonse imakoka bwinoko kuposa kale, ndipo kusewera ndi kilatchi kumachepa.

Muonenso kilatchiyo. Ngati pa phiri injini ikulira koma njinga siikusuntha molingana, mapuleti apsa kapena akuthira oyilo wa galimoto amene amatereretsa. Kilatchi ya njinga izi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Azigula 20W-50 wa njinga, wolembedwa JASO MA pa botolo, osati wopungula m'zigubu amene sitidziwa kumene wachokera.

Yusufu: Ndatsegula, ndikuuzeni zimene ndapeza. Tapeti ya ku ekizozi inalibe mpata ngakhale pang'ono, rokala yake siimagwedera n'komwe. Ndachotsa mutu, ndathira palafini m'bowo la ekizozi, wadontha kudutsa pa valavu pompopompo. Nditaichotsa valavuyo ndapeza m'mphepete mwake mwadyeka kachigamba kakang'ono, kofiira ngati dzimbiri. Ya inileti ili bwino. Mu buloko muli timizere ta mchenga koma chikhadabo sichikukodwa. Ring'i yapamwamba ndailowetsa mu buloko kuyesa mpata wake, fila geji ya 0.6 ikulowa momasuka. Masipuloketi ndi 15 ndi 38, ndipo mano akutsogolo apindika ngati mbedza.

Che Mbwana: Ndiye buloko imeneyo musaiboole, ikadali ndi moyo. Ipukuteni pang'ono kuti maring'i atsopano agwire, muike a saizi yake yomweyo. Valavu ya ekizozi ikhale yatsopano, muipere pa mpando wake ndi phala lija mpaka mzere wotuwa uzungulire wonse osadukiza, mubwerezenso kuyesa ndi palafini. Sinthani timalabala ta pa mavalavu ndi gasiketi ya mutu, yakale musaibwezere. Matapeti muike mpata wa mamilimita 0.08 injini ili yozizira. Amene alibe fila geji amagwiritsa lezala, koma lezala ndi yokhuthalirapo, inu muli nayo geji gwiritsani ntchito imeneyo. Kabuleta muitsuke yonse, oyilo mutaye, ndi kasefa kaja ka pansi pa injini mukatsuke chifukwa mchenga wafika kumeneko. Siponji ya eya kilina ikhale yatsopano, yonyowetsedwa ndi oyilo n'kufinyidwa. Kuno kwathu, ndi mchenga wa ku Makanjira ndi fumbi la ku Katema, njinga yopanda siponji ikudya msasa tsiku lililonse.

Gift: Ekizozi yong'ambidwayo mutani nayo? Ngati ndalama zavuta, mukhoza kuisiya n'kukulitsa jeti, ndikutumizirani pa minibasi.

Asiyatu: Jeti yaikulu ndi petulo wambiri tsiku lililonse, achimwene. Ndi mmene mafuta amasowera, anyamatawa nthawi zina amagula a m'zigubu pa mtengo wokwera, phindu lawo lonse lili pa malita. Ekizozi ya njinga yangozi imapezeka, ine ndili nayo imodzi yopindika pang'ono kunja koma m'kati ndi yamphumphu. Ndalama zimene anabweretsera kuboola zikwana imeneyo, valavu ndi maring'i. Masipuloketi ndi tcheni cha 428 musinthe zonse pamodzi, mukaika sipuloketi yatsopano pa tcheni chakale mwezi sutha.

Che Saidi: Tcheni ndi masipuloketi alipire eni njinga, zimenezo n'zakutha ndi ntchito. Ekizozi alipire mnyamata. Pa siteji timagamula choncho.

Yusufu: Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti. Tamanga monga munanenera, kutsogolo taika 14, kumbuyo 38 yatsopano. Mapuleti a kilatchi anali bwino, tangosintha oyilo. M'mawa yalira kiki imodzi. Ndamuuza mnyamatayo kuti masiku oyamba asaikakamize maring'i asanakhazikike, ndiye wapita ku Namwera ndi munthu mmodzi ndi katundu wochepa. Akuti makhotolo onse wakwera pa giya yachiwiri ndi yachitatu, kuphulika kuja kwatha. Akudandaula pang'ono kuti pa msewu wa ku Liwonde anzake akumupitirira. Pobwera ndachotsa pulagi yatsopano imene tinaikamo, siinayere mbuu ngati kale koma siinafiirenso bwino, ili pakati.

Gift: Pamenepo ndiye pa ine. Tsegulani pamwamba pa kabuleta muone singano. Ngati ili ndi timipata ta kilipi, tsitsani kilipi mpata umodzi kuti singano ikwere, petulo aonjezereke pang'ono pakatikati, pamene iye amakokera pa phiri. Meni jeti musaikhudze. Ayende ulendo wina muonenso pulagi, koma muichotse atangofika, asanaisiye ikulira pamalo, apo ayi ikunamizani.

Bwanali: Akafika kuno mawa adzere pa ine ndiichotse ikadali yotentha ndi phiri, ndikutumizirani chithunzi.

Che Mbwana: Chitani zimenezo. Akakwanitsa makilomita 500 abwere mutaye oyilo, mumangenso manati a mutu, ndipo muyesenso matapeti, chifukwa valavu yatsopano imakhazikika ndipo mpata uja umachepa. Lembani tsikulo m'kope, anyamatawa njinga ikayamba kuyenda bwino saonekanso ku galaja.

Yusufu: Ndalemba madala, ndipo ndawauzanso eni njinga kuti amukumbutse. Achemwali a Asiyatu, mundisungire sipuloketi ina ya 14 ndi siponji ziwiri, mnzake wa mnyamatayu wabwera ndi SanLG yodulidwa chimodzimodzi.