Mnzanga akufuna kubweza ngongole ndi wotchi ya Longines, ndilandire?

Wofunsa: A admin chonde bisani dzina langa, mwini nkhaniyi ali m'gulu momwemuno.

Moni nonse. Chaka chatha ndinabwereketsa mnzanga K2,000,000 kuti akapikule katundu ku Joni. Geni sinamuyendere, ndipo tsiku lobweza lakhala likungosunthasuntha. Pano wabwera ndi wotchi, akuti ndiitenge ngongole ithere pomwepo. Ndi Longines HydroConquest, nkhope yabuluu, lamba wachitsulo, kumbuyo kwalembedwa L3.781.4 ndi manambala ena. Akuti anaigula kwa bwana wake wakale ku Sandton, ku Joni komweko. Bokosi palibe, koma kakhadi ka waranti kalipo. Siyendera batire, ukaigwedeza pang'ono imayamba yokha. M'manja ikulemera bwino, galasi lili bwinobwino, kungoti loko wa lamba wakandika kwambiri.

Ine za mawotchi ndine mbuli, ndimavala Casio basi. Iye akuti mawotchi a ku Switzerland satsika mtengo, kukhala nayo n'chimodzimodzi kusunga madola, ndipo poti kwacha ikungogwa ndidzapindula. Akudziwa ndithandizeni. Kodi Longines ndi dzina lolemera zoona kapena akundinamiza? Ndingadziwe bwanji kuti si feki? Ndipo nditafuna kuigulitsa mwezi wamawa, ndalama yanga ingabwerere?

Mayi wa ku Area 25: Achimwene, munabwereketsa ndalama, akubwezereni ndalama. Ngati wotchiyo ndi madola monga akunenera, bwanji osaigulitsa yekha n'kukupatsani kashi? Funso langa ndi lomwelo.

Mnyamata wa ku Ndirande: Kkkkk 2 mita yonse kuti muzingoona nthawi, foni muli nayo?

Wokonza mawotchi, Limbe: Bwana, dzinalo ndi lenileni, pamenepo sanakunamizeni. Longines inayamba mu 1832 m'tauni ya Saint-Imier ku Switzerland, ndipo mpaka lero ili komweko. Pano ili pansi pa Swatch Group limodzi ndi Omega, Tissot, Rado ndi Hamilton. M'banja limenelo Omega ndi wamkulu, Tissot ndi wamng'ono, Longines ili pakati. Si Rolex, koma si chidole.

Nambala mwalembayo, L3.781.4, ndi ya HydroConquest ya mamilimita 41 imene mkombero wake wozungulira galasi ndi wa ceramic. Mtundu umenewu unayamba kutuluka mu 2018. Yakale inali ndi mkombero wa aluminiyamu umene umakandika ndi kusuluka. Ndiye choyamba yang'anani pamenepo. Ceramic imawala ngati galasi ndipo sikandika wamba, ngakhale ikamenyetsedwa kwambiri imatha kusweka. Ngati nambala ikunena ceramic koma mkombero wasuluka m'mphepete, pali bodza penapake. Kukandika kwa loko musade nako nkhawa, wotchi iliyonse yovalidwa imakandika pamenepo chifukwa imakhuza patebulo.

Injini yake ndi L888, yopangidwa ndi ETA, kampani ya m'gulu lomwelo la Swatch. Mukaiwayinda mokwanira n'kuisiya patebulo iyenera kuyenda masiku awiri ndi theka kapena atatu. Zoyambirira zinkasunga maola 64, zatsopano 72. Mayeso amenewa mutha kuchita nokha kunyumba: masulani kabatani ka m'mbali, potokolani kambirimbiri, ikani nthawi molingana ndi foni, muisiye Lachisanu madzulo. Ikaima Loweruka, mwina ndi feki, mwina ikufuna sevisi, ndipo zonse ziwirizi ndi ndalama zanu zomwe zikupita. Onaninso kuti patsiku ikutaya kapena kuthamanga ndi masekondi angati. Masekondi ochepa si vuto. Ikamathamanga ndi maminiti, kawirikawiri imakhala yagwidwa maginito, kuikidwa pafupi ndi sipika kapena loko wa chikwama, ndipo zimenezo zimachotseka mosavuta.

Kulemera kusakupusitseni, mafeki a masiku ano amalemeranso. Ine ndimayang'ana deti ngati yakhala pakati penipeni pa kazenera kake, chizindikiro cha Longines cha mapiko chija ngati chakhala choongoka, komanso kabatani ngati kakumanga mosalala. Wotchi imeneyi ndi yolowa nayo m'madzi mpaka mamita 300, choncho kabatani kake kamamangidwa ngati sikuluwu. Koma chigamulo chenicheni ndi kutsegula kumbuyo. Feki imanama kunja, m'kati siinganame.

Wofunsa: Zikomo akulu. Mkombero ukuwala, palibe posuluka. Koma kutsegula kumbuyo sikungaononge?

Wokonza mawotchi, Limbe: Munthu wa zida zoyenera saononga. Osapita nayo kwa osintha mabatire a pamsewu, amatsegula ndi mpeni kapena pulayala. Ndipo ikatsegulidwa musasambe nayo mpaka labala wa m'kati atayesedwa. Chinanso, nambala ya pakakhadi ifanane ndi siriyo ya kumbuyo kwa wotchi. Longines imasunga kaundula wa manambala a mawotchi ake kuyambira 1867, ndipo mutha kuwalembera kudzera pa webusaiti yawo kufunsa za nambalayo.

Mlongo wa ku Leeds: Za ubwino akulu a ku Limbe anena zonse. Ine ndilankhule za mtengo, chifukwa ndi pamene mnzanuyo wakometsera nkhani. Mawotchi amene sachedwa kupeza wogula pamtengo wabwino ndi ochepa kwambiri: Rolex zachitsulo monga Submariner ndi Daytona, Patek Philippe, Audemars Piguet. Chifukwa chake n'choti kusitolo sazipeza, anthu amalembetsa mayina n'kumadikira. Longines si choncho. Kuno mutha kulowa m'sitolo lero n'kutuluka nayo, ndipo mawebusaiti ena amagulitsa yatsopano motsitsa. Ndiye munthu angagule bwanji yanu yovalidwa, yopanda bokosi, pamtengo wa yatsopano? Ikangotuluka m'sitolo mtengo umagwa, kenako umakhazikika. Ndipo ngakhale ma Rolex omwewo anakwera mopenga mpaka kumayambiriro kwa 2022, kenako anatsika, amene anagula pamwamba analira.

Yatsopano ya mtundu wanuwo inali cha m'ma madola 1,700 mpaka 2,000. Koma mtengo umenewo usakukhudzeni. Lowani pa Chrono24, webusaiti yogulitsirapo mawotchi, lembani nambala ija ya L3.781.4, muone zovalidwa zikutchulidwa zingati. Kenako pitani pa eBay musankhe kuona zimene zinagulidwa kale, osati zimene zikungotsatsidwa. Mtengo wotchula ndi maloto a wogulitsa. Pa zimene mupezezo chotsanipo kenakake chifukwa bokosi palibe.

Achimwene a ku Randburg: Mlongo, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Inu mukuwerenga m'madola, mwini funso akuwerenga m'makwacha. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, inagwanso ndi 44% mu November 2023. Munthu amene anali ndi K2,000,000 m'banki nthawi imeneyo analuza kuposa amene anali ndi wotchi m'kabati. Wotchi yovalidwa inagwa kale, kugwa kwakukulu analipira ndi bwana wa ku Sandton uja. Ngati ndi orijino, ine ndikanatenga. Ngongole ya chaka chonse imeneyo mwina sadzaionanso.

Mlongo wa ku Leeds: Pa pepala mukunena zoona. Koma wogulayo ali kuti? Ku Lilongwe munthu wa ndalama zotere akafuna wotchi amafuna dzina loti anzake alizindikire ali patali. Mukamuuza kuti Longines akufunsani kuti n'chiyani. Mukaiika pa Facebook abwera ndi "K300,000 kashi lero bwana". Kuti mupeze mtengo wa pa intaneti muyenera kuitumiza kunja, kulipira wonyamula, inshuwalansi ndi komishoni ya webusaiti, ndiye wogula wa ku Germany akhulupirire munthu amene sanagulitsepo kanthu. Mukapita nayo kwa madilala a ku Joni akupatsani mtengo wopikulira, chifukwa nawonso akufuna phindu.

Achimwene a ku Randburg: Za madilala n'zoona, amagwetsa kwambiri. Koma kuno ogula alipo, magulu a anthu okonda mawotchi ndi ambiri. Chongofunika ndi kudekha. Wogulitsa mothamanga ndi amene amadyeredwa.

Mayi wa ku Area 25: Ndiye mwamva achimwene, munthu akufuna akusiyireni ntchito yosaka kasitomala, iye apume. Komanso palibe amene wafunsa: bwana wa ku Sandton uja anagulitsadi? Pali kalata? Zinthu zochokera ku Joni zopanda risiti tisamangozilandira, mawa mudzapezeka mukuyankha mafunso apolisi pa chinthu choti simunabe.

Wokonza mawotchi, Limbe: Mayi anena mfundo. Kakhadi kaja kamakhala ndi deti ndi chidindo cha sitolo imene inagulitsa. Deti imeneyo ikuuzaninso ngati sevisi yayandikira. Wotchi yotere ikatha zaka zisanu kapena kuposerapo mafuta a m'kati amauma, ndipo sipeya za Swatch Group sizipezeka mwachisawawa, nthawi zambiri zimathera kotumiza ku South Africa. Mtengo wa sevisi muuchotseretu pa mtengo wa wotchi musanagwirizane.

Bambo wa ku Mzuzu: Bwanji osailandira ngati chikole chabe? Mulemberane pamaso pa mboni kuti wotchi ili kwa inu mpaka deti yakuti. Akabweza ndalama atenge wotchi yake. Akalephera, igulitsidwe, zimene zatsala pa ngongole aonjezere. Mukatero za mtengo wa Longines zikhala mutu wake, osati wanu. Ndipo mugwirizaniretu kuti madola mukuwerengera pa reti iti, ya kubanki kapena ya pamsewu, chifukwa mkangano udzayambira pamenepo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndamuimbira, za chikole wavomera monyinyirika, akuti ndikumuyesa wakuba. Kakhadi ndakaona, chidindo chilipo, deti ndi ya 2019, ndipo nambala ikufanana ndi ya kumbuyo. Ndaiwayinda, ili pa tebulo kuyambira 6 koloko. Akulu a ku Limbe, ngati Lolemba ikhale ikuyendabe ndibwera nayo, nditumizireni ku inbox pamene pali shopu yanu.

Wokonza mawotchi, Limbe: Ndatumiza. Mubwere nayenso mwini wakeyo, ndikufuna aone yekha tikamatsegula. Ndipo 2019 imeneyo, mumufunse ngati inalowapo sevisi.