Mwana wanga akuphunzira kunyumba ku Indiana, satifiketi ya sekondale aitenga kuti?

Membala wobisa dzina

Moni nonse pagulu pano. A admin, zikomo pondilola, ndipo chonde dzina langa lisaoneke chifukwa abale ena ali momwe muno, nkhaniyi yatentha kale kunyumba.

Ndimakhala ku South Bend, Indiana, ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 16. Tinamuchotsa kusukulu mu 2020 nthawi ya Covid ali Grade 6. Tinkati ndi za chaka chimodzi basi, koma mwana amene ankalira m'mawa uliwonse chifukwa anzake ankamuseka kalankhulidwe anayamba kudya bwino ndi kugona bwino, ndiye sitinamubwezenso. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, masana ndimakhala naye. Masamu anandipitirira kalekale, amaphunzira pa intaneti, chemistry amamuthandiza mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Pano ali Grade 11 ndipo mtima wake uli pa unamwino.

Sabata yatha apongozi anga anaimba foni kuchokera ku Ntcheu kufunsa kuti mdzukulu wawo alemba liti mayeso a Fomu 4. Ndinangoti kakasi. Chichokereni foni imeneyo bambo ake akuti ndamuphera mwana tsogolo, akuti alembe GED, mayeso a kuno olowa m'malo mwa dipuloma ya sekondale, kapena timutumize kumudzi akalembe MSCE. Ine ndinakulira ku Malawi, ndimadziwa kuti satifiketi imachokera ku MANEB ku Zomba, ya chidindo. Kuno amapereka ndani? Mnzanga wina wa kuntchito akuti dipulomayo ndimulembera ndekha. Ndinaseka, koma iye sanaseke. Zoona zimenezi? Koleji ingalandire pepala losaina mayi wake wa mwana? Ndiululenso kuti Grade 9 sindinalembe magiredi, makope onse ali m'makatoni mu galaja. Ndithandizeni abale, tulo sindikuona.

Bambo wa ku Houston

Mayi, mtima m'malo. Mnzanuyo sananame. Ku America kulibe mayeso a dziko lonse ngati MSCE. Ngakhale mwana wa sukulu ya boma dipuloma yake imachokera kusukulu kwake komweko, osati ku Washington. Ku Indiana nyumba yanu imatengedwa ngati sukulu ya pulaiveti, ndiye ahedi ndi inuyo. Chimene lamulo la kwanuko limafuna ndi masiku 180 a maphunziro pachaka ndi kaundula wosonyeza masiku amene mwana waphunzira. Kuno ku Texas n'zophweka kuposa pamenepo, pomwe ku New York makolo amatumiza malipoti kanayi pachaka. Choncho musamatenge malangizo a munthu wa state ina ngati lamulo la kwanu.

Ine ana awiri anadutsa njira imeneyi. Dipuloma yeniyeniyo, pepala lokongola lija, palibe koleji imene inatifunsa kuti iione. Chimene ankafuna ndi transcript. Ndi tsamba limodzi kapena awiri, pamene mumalemba phunziro lililonse limene mwana watenga kuyambira Grade 9 mpaka 12, giredi imene anapeza, ma credit ake, kenako GPA, imene ndi avareji ya magiredi onse yowerengera pa 4.0, tsiku lomaliza sukulu ndi siginecha yanu. Phunziro la chaka chonse, la maola pafupifupi 120 kapena kuposerapo, m'ma state ambiri ndi credit imodzi. Indiana imawerenga pa semesita, n'chifukwa chake mumamva za Core 40, ma credit 40 a dipuloma ya sukulu za boma kwanuko: English 8, masamu 6, sayansi 6, social studies 6, zotsalazo maphunziro ena. Inu a kunyumba sakukukakamizani kutsatira zimenezi, koma ndi nzeru kuyerekeza nazo kuti wa ku koleji akaona pepala lanu aone zinthu zimene anazolowera.

Makatoni a mu galajawo musataye ngakhale kope limodzi. Magiredi a Grade 9 atuluka m'menemo.

Malume wa ku Area 25

Iiii koma kunjako ziliko. Kuphunzitsa mayi, kuchonga mayi, kusaina satifiketi mayi yemweyo? Kuno atati atilole, bwenzi mwana aliyense ali ndi 6 points. Achemwali, mubwezeni mwana kusukulu, za masewera ayi.

Namwino wa ku Indianapolis

Malume mwandiseketsa, komatu funso lanu ndi limene a ku koleji nawonso amadzifunsa. N'chifukwa chake transcript ya mayi imafuna mboni zakunja.

Asisi, mwana wanu ali Grade 11, nthawi ilipo koma si yambiri. Choyamba alembe SAT kapena ACT, mayeso olowera ku koleji. Makoleji ena anasiya kukakamiza mayeso amenewa, koma kwa mwana wa kunyumba ndi amene amasonyeza kuti ma A amene mwalembawo si chikondi cha mayi chabe. SAT imathera pa 1600, ACT pa 36. Chachiwiri, chimene ndingakulimbikitseni kwambiri, mupite naye ku koleji ya Ivy Tech, ili komweko ku South Bend, mukafunse zoti ayambe kutenga makalasi a koleji adakali ku sekondale. Kalasi imodzi kapena awiri pa semesita, monga English composition kapena sayansi ya lab. Giredi imeneyo imatuluka pa transcript ya koleji, osaina ndi ena, ndipo inu mumailembanso pa transcript yanu ya kunyumba.

Ndanena za lab dala. Unamwino umafuna biology ndi chemistry, ndipo chemistry ya patebulo la kukhitchini yopanda zoyesayesa imavuta kuiteteza akakufunsani. Masukulu ambiri a unamwino amalembetsanso mayeso awo olowera otchedwa TEAS, amenewo alibe nazo ntchito kuti unaphunzira kuti.

Za ndalama, pa fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la boma la fizi ya koleji, pali posankha kuti mwana anamaliza sekondale kunyumba, safuna GED. Chimene amayang'ana ndi mapepala okhalira m'dziko muno, kaya ndi nzika kapena ali ndi green card.

Mnyamata wa ku Columbus

Amayi, ine GED ndinalemba ndekha ndiye ndiyankhepo. Ndinabwera kuno ndili ndi zaka 24 ndilibe MSCE, sukulu ndinalekera Fomu 3 chifukwa cha fizi. GED inanditsegulira khomo, sindingainyoze. Mapepala ake ndi anayi: masamu, chingerezi, sayansi ndi social studies. Lililonse umafunika kupeza 145 pa 200, ukafika 165 amati wakonzeka za koleji. Umalemba pa kompyuta, ndipo sukakamizidwa kulemba onse tsiku limodzi. Palinso ina yofanana nayo, HiSET, imene imalembedwa ku Indiana. Imeneyo mapepala ndi asanu, uyenera kupeza 8 pa 20 pa lililonse ndipo onse pamodzi afike 45.

Koma mayeso a GED anayamba mu 1942, anapangira asilikali amene anasiya sukulu kupita kunkhondo, ndipo mpaka lero anthu amawaona ngati a munthu amene sanamalize sekondale. Mwana wanu sukulu sanasiye, akumaliza. Kumulembetsa GED kuli ngati kuvomera kuti zaka zonsezi kunalibe sukulu. Ngakhale ku usilikali wa kuno, wa dipuloma ya kunyumba amamuika gulu loyamba limodzi ndi a sukulu wamba, wa GED gulu lachiwiri. Komanso wosakwana zaka 18 samangolemba, pamakhala zikalata zina zosaina. Ine ndikanati muisunge ngati njira yomaliza, pokhapokha sukulu imene akufunayo itanena yokha kuti ikufuna imeneyo.

Mayi a mapasa, Maryland

Chenjezo limodzi lokha. Mukayamba kusaka pa Google muona masamba olonjeza dipuloma ya chidindo m'masabata awiri. Ine mantha omwewa a chidindo anandipweteka. Ndinalipira madola 400, mwana anayankha timafunso tochepa pa intaneti, kunabwera pepala la golide m'mbali lokongola kuposa satifiketi yanga ya ukwati. Koleji inalikana tsiku lomwelo, akuti sukuluyo sakuidziwa. Tinabwerera ku transcript yolemba ndekha ija, imeneyo ndi imene analandira. Sukulu za pa intaneti zenizeni zilipo, koma zimafuna mwana aphunzire nawo ndithu kwa miyezi kapena zaka, ndipo musanalipire muimbire koleji imene mukufunayo muwafunse ngati amaivomereza.

Aphunzitsi a ku Zomba

Mayi, ine ndilankhulepo za maganizo a bambowo otumiza mwana kuno, poti ndaphunzitsa sekondale zaka zambiri. Kulemba MSCE osakhala pasukulu n'kotheka, amalembetsa ngati external kudzera pa senta ya mayeso. Koma silabasi ndi yathu ya kuno. Mabuku a literature ndi osankhidwa kuno, history ndi geography zili ndi zambiri za Malawi ndi Africa, sayansi ili ndi ma practical. Mwana amene waphunzira mbiri ya America zaka zisanu sangangotsika ndege ku Chileka n'kulowa m'chipinda cha mayeso. Angafunike chaka chathunthu, mwina ziwiri, ndipo akabwerera kwanuko MSCE imeneyo ikafunikanso kuti ena aimasulire kuti ikufanana ndi chiyani. Mwazungulira mtunda wautali kukafika pamene munali kale.

Funso limene simunanene ndi lakuti unamwinowo akufuna akauphunzire kuti. Ngati ndi kwanuko, mverani anzanuwa. Ngati mumalota KUHeS kapena Mzuni, nkhani yasintha. Mayunivesite a boma kuno amafuna ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo English, pa MSCE kapena mayeso ofanana nayo monga IGCSE. Kuno timakhulupirira bungwe la mayeso, pepala losaina kholo mungavutike nalo kwambiri pa ofesi iliyonse. Zikatero njira yabwino ndi IGCSE ya Cambridge, imene munthu amatha kulemba payekha, mu May ndi June kapena October ndi November.

Ndipo apongozi anuwo mukawauza kuti mwana akulandira dipuloma, mufotokoze bwino. Kumudzi akamva dipuloma aziti wamaliza koleji, mbuzi ifa isanakwane nthawi.

Mayi wa ku Leeds

Aphunzitsi anena zoona za IGCSE. Kuno ku England kulibe dipuloma ya sekondale n'komwe, mwana wa kunyumba amalemba GCSE kapena IGCSE payekha, kholo kusaka senta ndi kulipira phunziro lililonse. Wanga atapeza 8 pa masamu agogo ake ku Kasungu anadandaula, osadziwa kuti kuno 9 ndiye wapamwamba, 1 ndiye wapansi.

Membala wobisa dzina

Abale, Mulungu akudalitseni. Ndawerenga zonse pa nthawi yopuma kuntchito, ena mpaka kawiri. Aphunzitsi, mwanayu akufuna kuphunzira konkuno, Chichewa chake n'cha moni ndi zikomo basi, ndiye za MSCE ndawaonetsa bambo ake zimene mwalemba ndipo angoti chete. Koma tsopano agwira mawu a malume, akuti bwanji angolowa sukulu ya boma Grade 12 kuti dipuloma ichokere kumeneko, aliyense akhale ndi mtendere. Zimenezi zingatheke?

Bambo wa ku Houston

Kulowa angalowe, sangamukanize. Koma sukulu ndi imene imasankha kuti pa ntchito ya kunyumba ivomereza ma credit angati. Ena amayamba amuyesa mayeso phunziro lililonse, ena amakana ambiri, mwana wa zaka 17 n'kupezeka akubwereza makalasi a Grade 9 ndi 10. Musanalembetse chilichonse, mupite ndi transcript yanu kwa counselor wa pasukulupo akuuzeni polemba kuti atenga ziti. Ndiye mwaona, njira iliyonse imene mungasankhe ikudutsa m'makatoni aja.

Malume wa ku Area 25

Chabwino ndagonja pang'ono. Koma SAT yo alembe, tione ngati ma A a mayi ake ndi enieni.

Membala wobisa dzina

Malume alemba, musadandaule, zotsatira ndidzaika pompano. Lero nditaweruka m'mawa sindinagone, tatsitsa makatoni onse asanu ndi mwanayu. Masamu a Grade 9 ndi osavuta, pulogalamu ya pa intaneti ija inasunga mamalikisi onse. English tapeza nkhani khumi ndi ziwiri zimene analemba ndi mndandanda wa mabuku amene anawerenga. Biology ndiye kope lilipo lodzaza, zojambula za maselo zokongola, koma mayeso sindinamupatse ngakhale amodzi ndipo lab sitinachite. Anamwino a ku Indianapolis, pamenepa ndimupatse mayeso panopa kuti giredi ipezeke, kapena angoitenganso ku Ivy Tech?