Pepala la kuyezetsa umuna latuluka ndi manambala otsika, kodi basi zatha?

Kambalame77:

Akuluakulu, ndithandizeni kuwerenga pepala ili. Tatha chaka ndi miyezi inayi mimba osabwera, ndiye adokotala anati tiyezedwe tonse awiri. Langa lalembedwa kuti umuna unali 1.1 ml, mbewu mamiliyoni 12 pa mililita imodzi, zoyenda 38 pa 100 zilizonse. Pambali pa nambala iliyonse aikapo ina imene akuti ndiyo yoyenera, ndipo zanga zonse zili pansi pake. Kodi ndiye kuti sindingapereke mimba? Kapena kuyezaku kumalakwikanso? Tsiku lokaonana ndi adokotala lidakali kutali, mutu sukugwira.

Wapalabu:

Achimwene, manambalawo tiwasiye kaye. Tiyambe ndi mmene umunawo unafikira ku labu, chifukwa mapepala ambiri oopsa amawonongekera pamenepo, munthu wa maikulosikopu asanagwire n'komwe ntchito yake. Mundikhululukire, ndilankhula mosapsatira.

Munakhala masiku angati osatulutsa umuna musanakayezetse? Amafunika masiku osachepera 2 koma osapitirira 7, ndipo kutulutsa kulikonse kumawerengedwa, ngakhale kwa kutulo. Mukayezetsa mawa lake mutakhala malo amodzi ndi akunyumba, umuna umachepa, mbewu nazo zimachepa. Ena amaganiza kuti akadziletsa milungu iwiri akhoza bwino mayesowo. Ayi ndithu. Mbewu zimachuluka inde, koma zambiri zimakhala zokalamba, zaulesi, zina zakufa, ndiye nambala ya zoyenda imatsika.

Funso lachiwiri ndi limene amuna ambiri amachita nalo manyazi: kodi wonse unalowa m'kabotolo? Umuna sutuluka wosakanizika kale. Woyamba kutuluka ndi umene umanyamula mbewu zochuluka, pamodzi ndi madzi ochokera ku prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo. Wotsatirawo ndi madzi a m'timatumba tiwiri totchedwa seminal vesicles, ochuluka koma mbewu zake n'zowerengeka. Woyambawo ukagwera pansi, pepala limaonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, umuna wochepa ndi mbewu zochepa, ngati mmene lanulo likuonekera. Sindikunena kuti ndi zimene zinachitika, koma 1.1 ml imandichititsa kufunsa. Zikatere mumangouza wolandira kabotolo kuti wina unatayika, iye amalemba, ndipo nthawi zambiri amakuuzani kuti mubwerenso pakapita masiku angapo. Kubisa ndiye kodzipweteka nako.

Kabotolo kakhale kochokera ku labu, kakukamwa kwakukulu, kouma. Malabu ambiri amakayeza kulemera kwake kopanda kanthu, kenako n'kukayezanso kali ndi umuna, chifukwa galamu imodzi ya umuna ndi pafupifupi mililita imodzi. Botolo la pakhomo lotsuka ndi sopo silifunika, sopo amapha mbewu. Kondomu wamba nayo ayi, chifukwa mphira wake ndi mafuta ake zimalefula mbewu. Alipo makondomu apadera opangidwira ntchitoyi, koma amachokera ku chipatala komweko. Malovu, mafuta odzola, zonsezo zisayandikire. Njira yoti mukhale malo amodzi kenako mutuluke msanga kuti muthire m'kabotolo ndi yoipa kuposa zonse: gawo loyamba lija limatsalira mkati, ndipo asidi wa m'njira ya amayi amafooketsa zotsalazo. Njira yodalirika ndi ya dzanja, mutasamba m'manja ndi kumaliseche, n'kutsukuluza sopo yense ndi kupukuta bwino.

Chomaliza ndi nthawi. Ngati mwatengera kunyumba, kabotolo kafike pasanathe ola limodzi, makamaka mkati mwa mphindi 30. Kasazizire kuposa madigiri 20, kasatenthe kuposa 37. Thumba lamkati la malaya, pafupi ndi thupi, ndilo labwino. M'firiji ayi, padzuwa ayi. Mbewu zozizidwa kapena zochedwa panjira zimasiya kuyenda ngakhale mwiniwake ali bwinobwino.

Tiuzeni zinthu zitatuzi: masiku, kutayika, ndi nthawi.

Mlangizi_wa_zauchembere:

A Wapalabu anena zoona zokhazokha. Ine ndikhudze manambala a pambali aja, poti ndi amene akusowetsani tulo.

Malabu ambiri amawatenga m'buku la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Lomwe linatuluka mu 2021 limati: umuna 1.4 ml, mbewu mamiliyoni 16 pa mililita, mamiliyoni 39 mu umuna wonse, zoyenda 42 pa 100, zoyenda zopita kutsogolo 30 pa 100, zamoyo 54 pa 100, zooneka bwino 4 pa 100. Ngati pepala lanu lalemba 1.5 ml, mamiliyoni 15 ndi 40 pa 100, ndiye kuti labu yanu ikutsatirabe buku la 2010. Kusiyana kwake n'kochepa, musadandaule nako.

Tsono mudziwe kumene manambalawa anachokera. Anayeza amuna amene akazi awo anatenga mimba pasanathe miyezi 12, n'kuwandandalika kuyambira wotsika mpaka wokwera, n'kudula mzere pamene pathera amuna 5 otsikitsitsa pa 100 aliwonse. Ndiye kuti ngakhale pakati pa amuna obereka, ena ali pansi pa mzerewo, ana ali nawo. Mzerewo si mpanda wolekanitsa obereka ndi osabereka. Komanso kukhala pamwamba pake si chitsimikizo choti mimba ibwera.

Koma ndisakunamizeni, achimwene. Nambala yolemera kwambiri ndi ya mbewu zonse: 1.1 kuchulukitsa ndi 12 imatipatsa mamiliyoni 13.2, pamene mzere uli pa 39. Ngati kuyeza kwachiwiri kutabweretsanso zomwezi, mwayi wa mimba mwezi uliwonse umakhala wochepa kuposa wa anzanu, ndipo chifukwa chake chiyenera kufufuzidwa. Wochepa, osati kulibe. Amene alibiretu mbewu pepala lake limalembedwa azoospermia, ndipo ngakhale pamenepo labu siloledwa kulemba mawuwo isanazunguze umunawo pa makina kwa mphindi 15 n'kusakasaka m'zimene zadikha pansi.

Pepala lanu likuonekanso losakwanira, kapena simunatilembere zonse. Onani ngati pali izi. Nthawi imene umuna unatenga kuti usungunuke: umatuluka wokhuthala, koma umayenera kusungunuka mkati mwa mphindi 15 mpaka 30, ukachedwetsa ola limodzi. Nambala ya pH, muyezo wa asidi wa mu umuna (ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka), yomwe iyenera kukhala 7.2 kapena kuposa. Umuna wochepa kwambiri wokhala ndi pH yotsika umaloza ku kutsekeka kwa njira kapena kusowa kwa timatumba tija. Maselo oyera a magazi, omwe akapitirira miliyoni imodzi pa mililita timaganizira za matenda a m'njira. Ndipo pa zoyenda 38 zija, ndi zingati zikupita kutsogolo? Mbewu yongogwedeza mchira pamalo amodzi imawerengedwa kuti ikuyenda, koma sikafika kumene kuli dzira.

Za maonekedwe ndinenepo pang'ono, chifukwa zimadzidzimutsa anthu. Mukadzaona kuti zooneka bwino ndi 5 pa 100, musaganize kuti 95 zotsalazo zibereka ana olumala. Muyezo wake ndi wokhwima kwambiri, kapendekeke pang'ono ka mutu kapena mchira basi yalephera, ndipo n'zachilendo kuti mwamuna aliyense akhale ndi zooneka bwino zochuluka kuposa zolakwika.

Kambalame77:

Zikomo nonse. Masiku anali atatu, ndipo ndinatengera ku labu komweko. Koma zoona, woyamba unataika pang'ono ndipo sindinanene. China, ndinadwala kutentha thupi kwambiri kwa masiku anayi, patatsala milungu isanu kuti ndiyezetse. Zingakhudze? Komanso wina wandiuza kuti ndibayitse jakisoni wa testosterone, homoni yachimuna, kuti mbewu zichuluke, poti umuna wanga umaoneka wamadzimadzi.

Dotolo_wa_abambo:

Jakisoni ameneyo musamuyandikire. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zimene zingakuwonongereni zinthu kuposa zina zonse mwalembazi. Mbewu zimapangidwa m'machende polamulidwa ndi mahomoni awiri, FSH ndi LH, ochokera ku kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo. Mukabaya testosterone wochokera kunja, ubongo umaona kuti m'magazi wadzadza kale, ndiye umaleka kutumiza awiri aja. Machende amagona. Chilakolako chimakwera, minofu imakula, koma mbewu zimatsika, kwa ena mpaka kutheratu. Ndi chifukwa chake mankhwalawa anayesedwapo ngati njira yolera ya abambo. Munthu akasiya, pamatenga miyezi yambiri kuti mbewu zibwerere, ena chaka kapena kuposa. Mankhwala okulitsa minofu amene ena amamwa kapena kubaya pochita masewera onyamula zitsulo amachita chimodzimodzi.

Za madzimadzi, maso sangayeze mbewu. Mbewu ndi kagawo kochepa kwambiri ka umuna, kwinako ndi madzi a prostate ndi a timatumba tija. Mwamuna amene anatseketsa njira ya mbewu amatulutsabe umuna wooneka ngati wa kale, mulibe mbewu ngakhale imodzi. Wokhuthala ukhoza kukhala wopanda kanthu, wamadzimadzi n'kukhala wodzadza.

Kutentha thupi kuja kumakhudza zedi. Machende amakhala kunja kwa thupi chifukwa amafuna kuzizira pang'ono, madigiri awiri kapena atatu pansi pa kutentha kwa thupi. Mbewu imodzi imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, kuonjezera sabata imodzi kapena ziwiri zokhwimira ndi kuyenda m'njira. Choncho zimene munatulutsa tsiku loyezetsa zinali zili mkati mopangidwa nthawi imene munkadwala ija. Milungu isanu ndi nthawi yeniyeni imene zotsatira za kutentha thupi zimaonekera. Pepala lanu lili ndi zilema ziwiri, kutayika ndi matenda, ndiye ine sindingaligwiritse ntchito kuweruza chilichonse. Bwerezani pakatha miyezi itatu kuchokera pamene munachira, masiku odziletsa akhale atatu omwewo, labu yomweyo.

Chachiwiricho chikadzatulukanso chotsika, adokotala ayenera kukuyezani thupi mutaimirira. Amaona kukula ndi kulimba kwa machende, ngati timachubu tonyamula mbewu tikumveka mbali zonse ziwiri, ndi ngati pali varicocele, kutupa kwa mitsempha ya magazi pamwamba pa chende, kawirikawiri lakumanzere. Imeneyi imapezeka mwa amuna pafupifupi 15 pa 100 aliwonse, imatenthetsa chende, ndipo ikakhala yogwirika ndi dzanja pamodzi ndi manambala otsika, opareshoni imatha kuthandiza. Kenako magazi: FSH ndi testosterone, wotengedwa m'mawa chifukwa testosterone amatsika dzuwa likamapendeka. FSH yokwera imasonyeza kuti machende enieniwo akuvutika kupanga. FSH yabwinobwino, machende akulu bwino, mbewu palibe, timaganiza za kutsekeka.

Mudzafunsidwanso mbiri, ndipo muyankhe zoona. Chinzonono kapena chlamydia zimene zinachedwa kuchiritsidwa zimasiya zipsera zotseka njira. Matsagwidi odwala munthu atakula kale, akatupitsa machende, amatha kuwafooketsa. Chende limene linachedwa kutsika ali mwana, opareshoni ya m'mphechepeche, mankhwala a khansa, mankhwala a nyamakazi ndi matenda a m'matumbo otchedwa sulfasalazine, zonsezi n'zofunika kutchula. Ngati umuna ukhalabe wochepa mutasonkhanitsa wonse, amayeza mkodzo woyamba mutangotulutsa, chifukwa kwa ena, makamaka odwala shuga nthawi yaitali kapena omwa mankhwala a prostate otchedwa tamsulosin, umuna umabwerera m'chikhodzodzo. Mbewu zikakhala zosakwana mamiliyoni 5 pa mililita, amayezanso makromozomu, tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa, kufufuza mavuto obadwa nawo ngati lotchedwa Klinefelter.

Podikira miyezi itatuyi, fodya ndi chamba zisiyeni, mowa muchepetse, musamakhale nthawi yaitali m'madzi otentha kapena kuika laputopu pamiyendo. Ndipo musasiye kukhala malo amodzi pofuna kusunga mbewu; masiku awiri kapena atatu aliwonse n'kokwanira.

Wapalabu:

Adokotala, pa miyezi itatu ndikusiyana nanu pang'ono. Za kutentha thupi ndikuvomereza, koma nkhani ya kutayika ikhoza kuyankhidwa msanga. Akabwereza pakatha milungu iwiri kapena itatu, wonse n'kulowa m'kabotolo, tidziwa ngati 1.1 ml ija inali yeniyeni. Ikakwera kufika 2 kapena 3 ml, nkhawa ya kutsekeka ndi ya kubwerera m'chikhodzodzo yachoka, chatsala n'kudikira mbewu zatsopano. Ikakhalabe pansi, sanataye miyezi itatu pachabe. Cha miyezi itatucho adzachitabe.

Achimwene, mukapita mufunse ngati amawerenga pogwiritsa ntchito kagalasi kowerengera ka Neubauer kapena makina a kompyuta, ndiponso ngati amawerenga mbewu zosachepera 200 kawiri. Kungodonthetsa pa galasi wamba n'kuyerekeza ndi maso si kuwerenga. Zoyenda zikadzakhala zochepa kwambiri, muwapemphe kuti ayeze zamoyo ndi utoto wa eosin: zakufa zimamwa utotowo n'kufiira, zamoyo zimakhala zoyera. Mbewu zamoyo koma zosayenda ndi vuto lina, zakufa ndi vuto linanso, ndipo adokotala amafunika kudziwa kuti lanu ndi liti.

Mlangizi_wa_zauchembere:

Ndikugwirizana ndi a Wapalabu, makamaka ngati mayi akunyumba afika zaka 35 kapena kupitirira, chifukwa pamenepo miyezi imawerengedwa. Iwonso asaime kuyezedwa poti pepala lanu latuluka lotsika. Sizachilendo kupeza kavuto mbali zonse ziwiri, ndipo thandizo limasankhidwa poona onse awiri. Njira za mayi zikakhala zotseguka ndipo mbewu zoyenda bwino zikafika mamiliyoni angapo zitatsukidwa, pali njira yoziika m'chiberekero mwachindunji pa nthawi ya dzira. Zikakhala zochepa kwambiri pali ICSI, yomwe ana ake oyamba anabadwa mu 1992, pamene mbewu imodzi imabayidwa m'dzira limodzi. Pokaonana ndi adokotala mutenge mapepala anu onse awiri a umuna, ndipo pa lililonse mulembe tsiku, masiku odziletsa, ndi masiku amene munadwala kutentha thupi.