Ikalamuzi mu sopo: fungo lathawa, kasitomala akufuna wakumwa

Wa sopo, Zomba: Akuluakulu, thandizeni. Alamu anga anditumizira mizu youma kuchokera ku Durban, kumeneko amati ikalamuzi, papepala palembedwa Acorus calamus. Ndasinja n'kuthira mu sopo. Wauma bwinobwino, koma fungo la mizuyo kulibe, ndipo akukala pakhungu ngati mchenga. Vuto lili pati?

Wa mafuta odzola, Lilongwe: Achemwali, soda wopangira sopo ndi amene wadya fungolo. Kukalako ndi ulusi wa muzuwo, umadutsa pa sefa ya ufa. Duladulani mizuyo, muviike m'mafuta a mpendadzuwa m'botolo lotseka kwa mwezi, musefe pansalu, muthire kumapeto phala la sopo likayamba kulimba. Komabe musayembekeze zambiri, fungo limatsala lapatalipatali.

Wa sopo, Zomba: Zikomo mayi. Nanga pali kasitomala wina akuti ndimupakirire muzu wothira mu tiyi, ati m'mimba mumamuvuta.

Wa ku famase, Blantyre: Apo pokha imani kaye. N'zoona kuti ku India, komwe amati vacha, akhala akumwa muzuwu kuyambira kalekale pa vuto la m'mimba. Koma mafuta ake ali ndi kemikolo wotchedwa beta-asarone, yemwe anayambitsa zotupa za khansa m'matumbo a makoswe atawadyetsa nthawi yaitali. N'chifukwa chake FDA, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, inaletsa muzuwu m'zakudya mu 1968. Chovuta china n'chakuti mizuyi siifanana. Ya ku India imakhala ndi beta-asarone wochuluka kwambiri, ya ku Ulaya wochepa, ya ku North America pafupifupi ilibiretu. Ikauma simungaisiyanitse ndi maso. Yanuyo inamera m'dambo liti?

Wa zitsamba, Durban: Koma abambo, kuno azigogo amatafuna, ali moyo mpaka lero.

Wa ku famase, Blantyre: Gogo amaluma kachidutswa mwa apo ndi apo. Kasitomala wa paketi adzamwa m'mawa ndi madzulo, ndipo ukachuluka umasanzitsa koopsa. Akadwala adzaloza amene anamugulitsa. Woyembekezera ndi mwana asayandikire n'komwe.

Wa mafuta odzola, Lilongwe: Inenso mu losheni sindiika, amagona pakhungu tsiku lonse. Sopo bola, amatsukika. Ndipo pa lebulo musalembe kuti amachiritsa, mudzaputa a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi muno.

Wa sopo, Zomba: Ndamva. Wa tiyi uja ndimuuza apite kuchipatala. Alamu ndawafunsa afufuze komwe mizuyi inachokera. Nanga sopo wokala uja nditaye?

Wa mafuta odzola, Lilongwe: Kutaya? Gulitsani wa zidendene.