Amuna anga awapeza ndi maketoni m'magazi, kodi ndi matenda a shuga?

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse. Ndine mayi wa ku Chawama, ndipo mtima wanga suli m'malo. Amuna anga, omwe amayendetsa minibasi, akhala akuwonda kwa miyezi iwiri, moti lamba wawo ndaboola kale mabowo awiri atsopano. Usiku amadzuka kasanu kukataya madzi, ndipo chigubu chimene ndimaika pafupi ndi bedi chimatha kusanache. Dzulo mlamu wanga wa ku famase adawayeza magazi a pachala, nati maketoni ali pa 2.1. Apongozi akuti ine ndawadyetsa mankhwala, chonsecho iwowo ndi amene amawapatsa maheu othira shuga tsiku lililonse, ndipo lendi itakwera sanatithandize ngakhale ngwee imodzi. Kodi ndidikire Lolemba kuti tipite kuchipatala?

Bambo wa ku Kabulonga:
Mayi, musachite mantha. Maketoni amapangidwa ndi chiwindi thupi likamawotcha mafuta. Ine ndidasiya nsima, buledi ndi mpunga, maketoni anga amakwera, koma ndine wamphamvu kuposa achinyamata. Chimene chikutipha mu Lusaka muno ndi nsima yoyera katatu pa tsiku.

Namwino wopuma pantchito:
Bambo, zanu ndi zosiyana ndi za wodwalayu. Munthu akasala kudya, maketoni amakwera pang'ono shuga ali wotsika. Koma insulini, yomwe imathandiza shuga kulowa m'maselo a thupi, ikaperewera, shuga amadzaza m'magazi osalowa m'maselo, thupi limaswa mafuta mosalekeza, ndipo maketoni amachulukana mpaka magazi kukhala ndi asidi. Maketoni akakhala pansi pa 0.6 palibe vuto, kuyambira 1.6 ngozi yayandikira, ndipo kupitirira 3.0 munthu athamangitsidwe kuchipatala. Mayi, simunatiuze chofunika kwambiri: shuga anali pa zingati, ndipo kodi akusanza?

Mayi wa ku Matero:
Ndawerenga misozi ili m'maso. Mchimwene wanga adayamba chimodzimodzi, ife n'kumamupatsa mankhwala a malungo. Tsiku lomaliza ankapuma mozama ngati wathamanga mtunda wautali, m'kamwa mukununkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Tidataya nthawi kufunafuna galimoto, ndipo kuchipatala tidafika mochedwa. Ana ake atatu ndikulera ndine.

Mnyamata wa ku Kanyama:
Amayi, apongozi anuwo muwayezetse nawonso, mwina maheuwo amayamba kulawa okha.

Bambo wa ku Kabulonga:
Anamwino, inu mudazolowera kuopseza anthu. Agogo athu ankadya mgaiwa ndi chibwabwa, kodi ndani adawabaya insulini? Mayiwa angosiya kuphika nsima kwa sabata imodzi.

Mayi wa ku Matero:
Bambo, ndalama za nyama ndi mazira tsiku lililonse muli nazo ndinu. Musasewere ndi moyo wa mwamuna wa mwini.

Mkulu wa mpingo wa ku Mtendere:
Mwana wanga, si bwino kunyoza apongozi pa gulu. Komabe ine shuga adandipeza nditayezedwa m'mawa ndisanadye, atapitirira 7.0 kawiri, ndipo ndimamwa mapiritsi a shuga otchedwa metformin osadumphitsa. Pemphero ndi chipatala sizidana.

Bambo wa ku Kabulonga:
Abusa, mapiritsiwo mudzamwa mpaka liti? Ndiyankheni kaye funso la agogo athu lija.

Membala wosatchula dzina:
Pepani, ndinali kutsutsana ndi apongozi pa foni. Kamakina ka shuga sikadalembe nambala, kadangolemba kuti HI. Kuyambira m'mawa asanza katatu, akudandaula m'mimba ndipo akungogona.

Namwino wopuma pantchito:
Mayi, HI akutanthauza kuti shuga wakwera kupitirira pamene kamakinako kangathe kuwerenga. Musadikire Lolemba. Pezani galimoto tsopano lino mupite nawo ku chipatala chachikulu cha UTH, iwo asayendetse okha, ndipo mukafika muwauze za maketoni 2.1, za HI ndi za kusanzako, chifukwa akufunika drip ndi insulini lero. M'njira muziwapatsa madzi wamba pang'onopang'ono ngati ali maso ndipo akutha kumeza, osati maheu.