Timayeza bwanji mphamvu ya mankhwala obaya a khansa?

Wophunzira, Ginnery Corner:
Akuluakulu a mu labu, ndithandizeni. Kabotolo ka methotrexate kapena vincristine kakafika ku famase, timadziwa bwanji kuti muli mlingo womwe walembedwa pa lebulo? Nanga zoti mulibe zoipa, kuyang'ana ndi maso n'kokwanira?

A Phiri, Chilomoni:
Maso amangogwira kusintha kwa mtundu, tizinyalala ndi ming'alu basi. Mphamvu imayezedwa ndi HPLC, makina olekanitsa zomwe zili mu mankhwala n'kuyeza kuchuluka kwa chilichonse. Mumasungunula reference standard (mankhwala omwewo odziwika bwino mphamvu yake), monga ya USP, bungwe la miyezo ya mankhwala la ku America, n'kukonza sampulo pa mlingo wofanana, zonse n'kudutsa mu column, kapaipi kolekanitsira ka makinawo: ya C18 pa methotrexate, ya C8 pa vincristine. Methotrexate amawerengedwa ndi kuwala kwa UV pa 302 nm, vincristine pa 297 nm. Musanayambe sampulo, bayani standard mu makinawo kasanu. RSD, kusiyana kwa zotsatira zisanuzo, ikapitirira 2 peresenti, vuto si mankhwala ayi, mwina mu pampu mwalowa mpweya kapena column yatopa. Zikayenda bwino, yerekezani kukula kwa peak (kaphiri ka pa galafu yomwe makina amajambula) ya sampulo ndi ya standard. Mankhwala ambiri obaya amaloledwa pakati pa 90 ndi 110 peresenti ya zomwe zili pa lebulo. Tima peak ting'onoting'ono ta m'mbali musatinyoze, nthawi zambiri ndi mankhwala omwewo atayamba kuwonongeka ndi kutentha kapena kuwala. Magetsi akazima ntchito ili mkati, yambirani, poti column imafunika ikhazikikenso.

Mayi Nambewe, Zingwangwa:
A Phiri anena zoona, koma HPLC siona tizilombo. Kabotolo katha kupereka 100 peresenti kali ndi mabakiteriya. Mu 2022 WHO inachenjeza za methotrexate yemwe anapezeka ndi Pseudomonas aeruginosa ku Yemen ndi Lebanon, ndiye nkhaniyi si yongopeka.

Pa sterility, kuyeza ngati mulibe tizilombo, mumasefa mankhwala pa membrane ya 0.45 µm, n'kuitsuka mokwanira, chifukwa mankhwala otsalira amatha kupondereza tizilombo inu n'kumati ndi oyera. Theka la membrane limapita mu thioglycollate pa 30 mpaka 35°C, linalo mu soybean casein pa 20 mpaka 25°C, zonse ziwiri ndi madzi okulitsiramo tizilombo. Mudikire masiku 14, palibe chidule.

Endotoxin, poizoni wochokera ku mabakiteriya, ndi nkhani ina, amatsala ngakhale mabakiteriya atafa, ndipo ndi amene amanjenjemeretsa wodwala dripu ikangoyamba. Amayezedwa ndi LAL, madzi omwe amagwirana akakumana ndi endotoxin: muwasakanize ndi mankhwalawo mu chubu, chikhale pa 37°C kwa ola limodzi, kenako muchitembenuze pang'onopang'ono. Zikagwirana osakhuthuka, endotoxin alimo. Ikaninso chubu china cha mankhwala omwewo chomwe mwathiramo endotoxin dala. Chimenecho chikapanda kugwirana, mankhwala akusokoneza mayesowo, muwasungunulenso.

Achimwene a ku Limbe:
Musanathamangire makina funsani kasungidwe. Vincristine amafuna 2 mpaka 8°C, kosafika kuwala. Cisplatin ndiye ayi, mukamuika mu firiji amapanga timiyala pansi, ndipo akakhudzana ndi singano ya aluminiyamu amada n'kutha mphamvu. Ufa wa cyclophosphamide umasungunuka ukatenthedwa, ndiye kutentha kwa mu Okutobala kuno, mukaona wanyowa kapena wamatirira ku galasi, musaupereke kwa wodwala.

Tinyenyeswa tosaoneka ndi maso timawerengedwanso ndi makina: pa botolo losapitirira 100 ml, malire ndi 6000 ta 10 µm kupita m'mwamba, ndi 600 ta 25 µm kupita m'mwamba.

Zonsezi muzichitira mu kabati yoteteza mutavala magolovesi awiriawiri. Batch yokayikitsa ipatuleni, lembani nambala yake ndi tsiku lothera ntchito, mudziwitse a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi.