Za ngongole ya malemu achimwene: gulu la banja

Amalume ku Santhe: Mwaswera bwanji nonse. Akazi a malemu andiimbira. Anthu a kumene malemu anakongola ndalama za feteleza anafikanso dzulo. Akuti mwezi ukatha osabweza, atenga ng'ombe ndi ngolo.

Azakhali ku Chamama: Mayo ine! Misozi sinaume n'komwe.

Achimwene aakulu: Ng'ombezo ndikazisunge kukhola kwanga kaye.

Azakhali ku Chamama: Iyayi achimwene, zikhale pomwe zilipo. Zikachoka pakhomo anthu adzati talanda chuma chamasiye, ndipo lamulo la za chuma chamasiye la 2011 lija limati umenewo ndi mlandu.

Chemwali ku Lilongwe: Pasagulitsidwe kanthu. Alamu, jambulani mapepala onse a ngongoleyo mutumize pano.

Alamu: Ndatumiza. Ine ndikungoona manambala okhaokha.

Chemwali ku Lilongwe: Onani pomwe alemba credit life. Asanawapatse ndalama anadulapo ya inshuwalansi. Ntchito yake ndi iyi: wokongola akamwalira, kampani ya inshuwalansi ndiyo imalipira ngongole yotsala. Obwereketsawo akuyenera kukapempha ndalama kumeneko, osati kukuopsezani inu.

Amalume ku Santhe: Koma mphwangayo sanapimidwe kuchipatala potenga. Nanga akanena kuti ankadwala kale BP?

Chemwali ku Lilongwe: Amalume, inshuwalansi yotereyi kawirikawiri sapima, amangosainitsa fomu. Pomwe pangavute ndi ngati fomuyo inafunsa za matenda iwo n'kuyankha kuti alibe, kapena ngati pali miyezi yodikira. Miyezi imene anadumphitsa kubweza ali moyo nayonso ena salipira. N'chifukwa chake tikufuna fomuyo ndi malamulo ake onse. Akakana kulipira, alembe chifukwa chake pakalata. Zapakamwa ayi.

Alamu: Akuti ine ndi ana ndife tibweze. Usiku sindikugona.

Chemwali ku Lilongwe: Munasainapo kuti iwo akalephera mudzabweza ndinu?

Alamu: Ayi, sindinagwire cholembera.

Chemwali ku Lilongwe: Ndiye si yanu. Ngakhale patatsala kangongole, kamachotsedwa pa chuma chimene malemu asiya, osati m'thumba mwanu. Akapitiriza kuvuta, tikadandaula ku Reserve Bank, ndi amene amayang'anira mabanki ndi makampani a inshuwalansi.

Mphwathu ku Joni: Chikufunika n'chiyani? Tisachedwe, paja zoterezi zimakhala ndi nthawi yake.

Chemwali ku Lilongwe: Chiphaso cha imfa cha ku NRB, kuja timatenga zitupa za unzika, kalata ya kuchipatala, chitupa cha malemu ndi mapepala a ngongole. Mupange mafotokope, enieniwo musasiye kwa munthu.

Amalume ku Santhe: Lolemba ndiwaperekeza ku boma, tikayambira kwa DC. Achimwene aakulu, inu mukatenge kalata kwa amfumu.

Achimwene aakulu: Ndamva. Ng'ombe zikhala pomwepo.

Mphwathu ku Joni: Ya thiransipoti nditumiza madzulo ano. Azakhali, nambala yanu ya Mpamba ikugwirabe?

Azakhali ku Chamama: Ikugwira. Ana ndikhala nawo ine Lolembalo.